Musaotche mapesi, ndi chakudya cha nthaka yanu

Alimi anzanga a kuno ku Zomba, mwezi wa Ogasiti ukangofika, kuyambira ku Thondwe mpaka ku Jali utsi umangoti tolo m'minda. Ena akusaka mbewa, ena akuti akusosa. Ine zimandipweteka mtima, chifukwa chimene chikupita ndi utsiwo ndi chonde chanu chomwe.

Chimanga chikamakula, masamba ake amakoka mpweya wa kaboni mumlengalenga n'kuusunga m'phesi. Phesi kapena nkhuni zikauma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni. Mukayatsa moto, kaboniyo amabwerera kumwamba tsiku lomwelo, n'kukawonjezera mpweya umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula. Koma mukayala mapesiwo m'munda, chiswe ndi nyongolotsi zimawalowetsa pansi, ndipo gawo lina la kaboniyo limakhala m'dothi zaka zambiri.

Pitani pa dzala lakale, mukumbe, mutape dothi m'manja. Ndi lakuda bii, lofewa, ndipo mukalifinya limagwirana koma silimata ngati makande. Kuda kumeneko ndiye kaboni tikunenayu. Dothi lotere limamwa madzi n'kuwasunga, moti kukachita ng'amba mu Januwale chimanga chanu sichifota msanga. Ena mumati mapesi amaitana chiswe. Chiswe chikapeza zouma zoti chidye pansi, kawirikawiri chimasiya chimanga chili chiimire.

Mapesi okha sakwana, pamafunikanso mitengo. Pa malo ofufuzira zaulimi a Makoka, konkuno kwathu, akhala akulima chimanga pamodzi ndi gliricidia kuyambira 1992, ndipo minda imeneyo yakhala ikuposa kutali ya chimanga chopanda feteleza. Dzalani gliricidia m'mizere pakati pa chimanga, muzimudula chapansi pa bondo, masamba muwakwirire m'nthaka. Pirirani, phindu limayamba kuoneka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Zitsa za m'malire musazule. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, zinazo mudule, chifukwa mtengo wophukira pachitsa uli kale ndi mizu ndipo umakula msanga kuposa mbande.

Tonse tinaona m'mene mtsinje wa Likangala unafiirira mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, utanyamula dothi la m'minda kupita nalo ku nyanja ya Chilwa. Nthaka yosaphimbidwa ndiyo imakokoloka msanga. Mukangokolola chaka chino, gonekani mapesi, lambulani m'mbali mwa munda kuti moto wolusa usalowe, ndipo mukambirane ndi amfumu za lamulo la ziweto ndi la anyamata osaka mbewa.