Kuwerenga MRI ya bondo pambuyo pa opaleshoni ya chichereŵechereŵe

Jambulitsani MRI (chithunzi cha m'kati mwa thupi chojambulidwa ndi makina a maginito) pakatha pafupifupi miyezi 12, chigamba choikidwa pa dzenje la pomwe chichereŵechereŵe chinawonongeka chitayamba kukhwima. Onani ngati dzenje ladzaza, ngati chigambacho chagwirana ndi m'mbali mwake, komanso mmene fupa la pansi pake lilili. Madokotala amawerengetsa zimenezi pa sikelo ya MOCART, kuyambira mapointi 0 mpaka 100; mapointi ambiri amasonyeza kuti chigamba chikuoneka bwino.

Koma mapointiwa sayenderana kwenikweni ndi mmene wodwala akumvera: wina wa mapointi ochepa amakwera masitepe osamva kanthu. Choncho mufunseninso mafunso a KOOS (ofunsa za ululu ndi mmene bondo likugwirira ntchito), muyezenso mphamvu ya minofu ya ntchafu.

Kutupa kwa m'fupa m'miyezi yoyambirira sikodabwitsa. Chodetsa nkhawa ndi kutupa kosatha kobwera ndi ululu, chigamba chotukumuka chomwe chikukola bondo, kapena madzi olowa pansi pa chigamba, chizindikiro choti chamatuka.