Mmene Mungawerengere Kuwala kwa Plasma ya Laser Kuti Mudziwe Zimene Zili M'mwala

Munthu wofuna kudziwa ngati kamwala kali ndi calcium, sodium kapena lithium, osakasungunula m'asidi, angathe kuwotcha kadontho kake ndi laser n'kuwerenga kuwala kumene kukutuluka. Njirayi imatchedwa LIBS (chidule cha Laser-Induced Breakdown Spectroscopy), ndipo ndi yomweyo imene chipangizo cha ChemCam, chimene chili pa galimoto yofufuzira yotchedwa Curiosity, chakhala chikugwiritsa ntchito pa Mars kuchokera mu 2012, chikuwombera miyala ili pa mtunda wofika mamita 7.

Musanayatse chilichonse, valani magalasi otetezera maso amene anapangidwira laser yanuyo. Laser ya Nd:YAG, imene ambiri amagwiritsa ntchito, imatulutsa kuwala kwa 1064 nm (nm ndi nanometer, muyeso wa utali wa mafunde a kuwala), ndipo popeza kuwala kumeneku sikuoneka, diso siliphethira ngakhale likupsa. Vulani wotchi ndi mphete, chifukwa chilichonse chonyezimira chingathe kubwezera kuwalako kumaso.

Mwala wanu ukhale wosalala pamwamba. Ngati ndi dothi, liumitseni, lipereni, kenako mulipanikize kuti likhale lolimba ngati piritsi. Ikani lens kuti isonkhanitse kuwala konse pa kadontho kakang'ono kwambiri, makamaka pansi pang'ono pa nkhope ya mwalawo, chifukwa mukasonkhanitsira mumpweya pamwamba pake, mpweya ndi umene umayamba kuthetheka ndipo mphamvu yambiri imathera pomwepo. Laser ikawomba, kwa ma nanosecond osapitirira 10 (nanosecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi), mumaona kamoto koyera ndipo mumamva kaphokoso ngati kakuthyola kamtengo kouma. Kamoto kameneka ndiye plasma: maatomu a mwalawo asanduka nthunzi, ena ataya maelekitironi awo, ndipo kutentha kwake kumapitirira madigiri 10,000, pamene pamwamba pa dzuwa pamakhala pafupifupi madigiri 5,500.

Apa ndi pamene ntchito imalakwikira anthu ambiri, ndipo ineyo ndimaona kuti nkhani yonse yagona pomwepa. Musatsegule spectrometer, chipangizo chimene chimagawa kuwala m'mitundu yake n'kuonetsa kuwala kwa atomu iliyonse ngati mizere, nthawi imene laser yangowomba kumene. Poyambirira penipeni plasma imakhala yothinana kwambiri, maelekitironi omasuka amakhotetsedwa akamadutsa pafupi ndi maatomu amene ataya maelekitironi, ena amagwidwanso, ndipo zonsezi zimatulutsa kuwala kosakanikirana kwa mitundu yonse kumene kumaphimba mizere imene mukuifunayo. Dikirani pafupifupi microsecond imodzi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, kuti plasma ifufume ndi kuzizirako. Pamenepo kuwala kosakanikiranako kumazilala, ndipo mizere yopyapyala ya atomu iliyonse imaonekera bwino. Mukadikira mopitirira muyeso, mizereyonso imazimiririka, choncho yesani nthawi zosiyanasiyana pa mwala umodzi mpaka mutapeza pamene mizere yatalika kwambiri poyerekeza ndi kuwala kwa pansi pake.

Zotsatira za kuwombera koyambirira muzitaye, chifukwa zimangoonetsa fumbi ndi thukuta la m'manja. Kenako phatikizani zotsatira za kuwombera kokwana makumi angapo pa malo osiyanasiyana.

Pozindikira mizere, yerekezani ndi mndandanda wa bungwe la ku America loona za miyeso la NIST. Sodium imaonekera pa 589.0 ndi 589.6 nm, calcium pa 393.4 ndi 396.8 nm, lithium pa 670.8 nm, pamene hydrogen ili pa 656.3 nm. Musakhutire ndi mzere umodzi wokha, makamaka m'mwala wokhala ndi chitsulo, popeza chitsulo chili ndi mizere masauzande imene imagwera pamwamba pa ya zinthu zina.

Kutalika kwa mzere sikunena mwachindunji kuchuluka kwa chinthucho. Maatomu ozizira a m'mphepete mwa plasma amameza kuwala kochokera pakati, mwakuti mzere wa chinthu chochuluka kwambiri umafupika, nthawi zina mpaka kulowa mkati pansonga pake. Kuti mupeze kuchuluka kwenikweni, wombaninso miyala ina yofanana nawo imene zamkati mwake zinayezedwa kale, osasintha mphamvu ya laser, mtunda wa lens kapena nthawi yodikira.