Kugula ufa, chiponde ndi nsomba kunja: werengani paketi kaye

Munthu wa ku Mangochi akafika ku Johannesburg, London kapena ku America, chomupusitsa m'sitolo si chakudya chachilendo ayi, koma chija chooneka ngati cha kumudzi.

Yambani ndi ufa. Ku Britain paketi yolembedwa cornflour si ufa wa nsima. Ndi sitachi wolimbitsira msuzi, ndipo mukauvundula mumangopeza zonanda ngati guluu. Maizena wa ku Joni ndi yemweyo. Funani maize meal, monga Iwisa kapena White Star. Ku America wabwino ndi white cornmeal, koma pakalembedwa self-rising musiyeni, muli mchere ndi zofufumitsa, nsima yake imamveka soda. Masa harina ndi chimanga chophikidwa ndi laimu chisanagayidwe, fungo lake silichoka.

Nsinjiro zikasowa ambiri amatendera masamba ndi chiponde cha m'botolo, n'kudabwa ndiwo zikutsekemera. Chiponde chambiri amathiramo shuga ndi mafuta. Tembenuzani botolo. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndiye shuga akakhala wachiwiri, bwezani pashelefu. Chabwino ndi cha mtedza wokhawokha: masupuni awiri musungunule m'theka la kapu ya madzi ofunda musanathire mumphika, apo ayi chimaundana.

Pa nsomba ndi pomwe wa kunyanja amakhumudwa kwambiri. Anchovies za m'chitini zimaoneka ngati usipa koma mchere wake ndi woopsa. Zinyikeni m'madzi mphindi 30 ndipo mumphika musawonjezemo mchere wina. Herring ya m'botolo ndi yaiwisi, yoviikidwa mu viniga ndi shuga. Amadyera buledi ili yozizira, mukaiphika ndi tomato msuzi umawawasa. Tilapia ya mufiriji ndi m'bale wa chambo, inde, koma ndi yoweta m'madamu ndipo ina imanunkha matope. Ipakeni mandimu ndi mchere, ikhale mphindi 15, kenaka mukazinge.

Marmite amafanana ndi chokoleti chopaka pa buledi, chonsecho ndi yisiti wamchere, pakani pang'ono zedi pamwamba pa majarini. Buttermilk ndi chambiko, mu tiyi amaundana.

Amene sadya nkhumba ayang'anenso mawu akuti lard (mafuta a nkhumba) ndi gelatine (cholimbitsira zakudya chomwe nthawi zambiri chimachokera ku nkhumba), chifukwa amabisala m'mabisiketi, maswiti ndi yogati. Gelatine ina ndi ya ng'ombe, koma ngati paketi sinanene ndipo palibe chizindikiro cha halaal, ingoisiyani.