Mwasiya kachasu koma khasu likulemera: zoyenera kuchita miyezi yoyamba

Mwezi wa Okutobala kuno ku Chigwa cha Shire ngakhale munthu wosamwa mowa amafooka. Ku Ngabu kapena ku Bangula kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo ikamakwana 9 koloko m'mawa aliyense amakhala akusaka mthunzi. Ndiye tangoganizani bambo amene wangosiya kachasu masabata awiri apitawa. Usiku sakugona, m'mawa sakufuna kudzuka, nsima sikutsika. Akazi ake amandiuza kuti, "Bola nthawi imene ankamwa ija, kudimba ankapitako." Mawu amenewa ndawamva makomo ambiri, ndipo ndi amene amabwezera anthu kwa mayi wotcheza kachasu.

Kufookaku kuli ndi gwero lake. Mowa ndi chamba zimazoloweretsa ubongo kupeza chisangalalo mosavutikira. Muubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine, amene amapatsa munthu chidwi chochita zinthu, ndipo ukasiya kumwa pamatenga masabata, kwa ena miyezi, kuti ubongo uyambenso kukondwa ndi zinthu wamba monga mpira, macheza kapena chimanga chomera bwino. Tulo nato timasokonekera. Mowa umagwetsa munthu msanga koma tulo take n'tosakhutitsa, ndiye ukasiya umayamba kudzidzimukadzidzimuka ndi kulota zoopsa. Osiya chamba amavutika kwambiri sabata yoyamba, ngakhale maloto achilendo amapitirirabe.

Pali china choopsa chimene sindingachidumphe. Ngati mumamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, musasiyire nokha kunyumba. Kunjenjemera kumayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati akhunyu, kubwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Zimenezi zimapha. Achibale mukaona izi, musathamangire naye kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa. M'tengereni kuchipatala tsiku lomwelo.

Zikadutsa izi, yambani ndi m'mimba. Munthu womwa kwambiri amaperewera vitamini B1, ndipo kuperewera kwake kumabweretsa kufooka, dzanzi m'miyendo ndi kuiwalaiwala. Vitamini ameneyu amakhala m'gaga, amene timataya pokonola chimanga. Choncho miyezi imeneyi ufa woyera upume kaye, mudye nsima ya mgaiwa, ya mapira kapena ya mchewere, zomwe kuno timalima tokha. Ndiwo zikhale nyemba, khobwe, nandolo, masamba otendera, ndipo pakapezeka makakana kapena mlamba wa ku Elephant Marsh musaumire. Masau amene ena amatchezera kachasu mungodya choncho; malambenso n'chimodzimodzi. Njala ikakana kubwera, idyani pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu, kuyambira ndi phala lothira nsinjiro. Madzi azikhala pafupi, chifukwa m'dzuwa lathuli ludzu ndi chibaba zimafanana, munthu n'kumaganiza kuti akufuna botolo pamene thupi likupempha madzi.

Pa ntchito, cholakwika chimene ndimaona kawirikawiri n'kufuna kubweza zaka zisanu m'sabata imodzi. Munthu walapa kutchalitchi Lamlungu, Lolemba walawirira kukalima munda wonse wa thonje, Lachitatu wagona osadzuka, n'kumati zakanika. Madzi osefukira akaphwa, mlimi wa m'dimba sabzala paliponse tsiku limodzi. Amatsata pamene pauma, n'kumasunthira kumunsi. Inunso dziikireni mizere khumi basi. Yambani 5 koloko, muweruke dzuwa lisanakwiye, ndipo mizere khumiyo ikatha musawonjezere ngakhale mukumva mphamvu. Sabata yamawa mudzapange khumi ndi isanu. Musadikire kuti mtima ufune kaye, pakuti masiku ano mtima umatsatira pambuyo khasu litayamba kale. Ngati n'kotheka gwirizanani ndi mlamu wanu kapena mnzanu wosamwa kuti azikudutsirani. Munthu akaima pakhomo n'kumati "odi", manyazi okha amakudzutsa.

Masana gonani, koma mphindi 30 zokha, apo ayi usiku mudzangoyang'ana denga. Tiyi ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu musamwe dzuwa likapendeka. Nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usikuwo simunagone bwino.

Madzulo ndiye pamene pali nkhondo. Nthawi imene munkalowera kumsika kukakumana ndi anzanu, miyendo imakumbukira yokha njira. Chibaba chimakwera n'kutsika, kawirikawiri sichidutsa theka la ola, ndiye chipezeni muli ndi chogwira: kuthirira mbewu, kukatsekera mbuzi, bawo pakhomo panu osati pamalo omwera. Ndalama ya ganyu kapena ya thonje isagone m'thumba mwanu. Apatseni mayi a kunyumba, kapena ipite kubanki m'khonde tsiku lomwelo.

Inu amayi ndi achibale, mawu oti "waulesi" asungeni kaye. Wodwala malungo sitimunyoza kuti sanapalire. Komanso musamulandire ntchito zonse ngati mwana. Musiyireni yake imodzi yoti ikapanda kuchitika aziona yekha.

Tisaiwale kuti kuno kufooka kuli ndi eni ake ena. Malungo, likodzo, kuchepa magazi, chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda a chiwindi zimatha kubisala kumbuyo kwa mowa kwa zaka, munthu n'kumati ndi matsire. Mukasiya kumwa pitani mukayezetse, ndipo auzeni adokotala mosabisa kuti mumamwa mabotolo angati. Maso akachita chikasu kapena mimba ndi miyendo zikatupa, musadikire tsiku la msika. Pakatha mwezi mtima udakali wolemera, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, mukafunse wothandiza za matenda a maganizo. Akaona kuti pakufunika zambiri amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo a Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu nawo amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Mukaterereka n'kumwa tsiku lina, musayese kufika mlingo wakale, chifukwa thupi lasiya kuuzolowera ndipo ungakugwetseni moopsa. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mudye, mugone, m'mawa mubwerere pa mizere khumi ija.