Marozi anu akamachita madontho akuda pamasamba

Amene muli ndi marozi pakhomo, mvula ikangolimba cha mu Januwale masamba amayamba timadontho takuda kenako chikasu, mwezi usanathe tsinde lili mbulanda. Ndi fangasi ameneyo (kachilombo konga chuku), amafuna tsamba likhale lonyowa kwa maola angapo kuti amere.

Ine ndinkathirira madzulo ndi payipi kumwazira pamwamba ngati ndikutsuka galimoto, kumeneko ndiye kunali kudzipha ndekha. Pano ndimathira pansi patsinde basi, m'mamawa, kuti dzuwa liwumitse chilichonse chadonthera. Masamba a madontho ndimathyola, akugwa pansi ndimatola onse nkuwotcha, osawaponya pa kompositi ayi chifukwa fangasiyo amatsalira momwemo mvula ikamenya nthaka amadumphiranso mmwamba. Pansi ndimayala udzu wouma. Nthambi zothithikana pakati dulaniko mpweya uzidutsa, sizasi yake muzipukuta ndi spiriti.

Mukamagula mbande funsani mitundu ya marozi yotchedwa Knock Out kapena Flower Carpet, sagwidwa msanga. Marozi a mtundu wa hybrid tea aja a duwa lalikulu ndi okongola inde koma amafuna kupopera mankhwala pafupipafupi, ndalama zake zimapweteka.