Mphuno Zatsekeka ndi Chimfine? Yambani ndi Madzi a Mchere

Ikafika June ndi July, m'minibasi mumangomveka anthu akufwenthera. Ambiri timaganiza kuti chatseka mphuno ndi mamina, ndiye timamina mwamphamvu mpaka mphuno kusupuka. Chenicheni n'chakuti timitsempha ta magazi ta m'kati mwa mphuno tatupa, njira ya mpweya yachepa. Ntchito yathu ndi kuchepetsa kutupako ndi kufewetsa mamina.

Choyamba, konzani madzi a mchere. Wiritsani theka la lita la madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. Thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, ndipo ngati muli ndi soda wa m'sitolo, uja timathira mu therere, onjezerani supuni yaing'ono imodzinso. Chidulo ayi. Madzi a pampopi kapena a pamjigo osawiritsa musawalowetse m'mphuno, ngakhale akuoneka oyera.

Kenako sambani m'manja, weramirani pabeseni, thirani madzi pang'ono pachikhatho. Tsekani mphuno imodzi ndi chala, kokerani madziwo ndi inayo, muwalole atuluke okha. Ena akatsikira kukhosi, lavulani. Amene ali ndi sirinji yatsopano yopanda singano, imagwira bwino kuposa chikhatho. Chitani kawiri kapena katatu patsiku, ndipo madziwo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Poyamba zimanyansa, sindikunamizani, koma mukamina pang'onopang'ono, mphuno imodzi panthawi, mudzamva mpweya ukudutsa.

Chachiwiri ndi nthunzi. Kufukiza ndi masamba a bulugamu tinakuzolowera nthawi ya Covid-19, ndipo kumapepuza kwa kanthawi, ngakhale sikupha kachilombo. Mphika uchoke pamoto, uzizire pang'ono, nkhope ikhale patali, mphindi 10 zakwana. Ana musawafundike bulangete pamodzi ndi mphika wa madzi otentha. Ukagubuduka, chimfine cha masiku ochepa chasanduka mabala a moto.

Imwani madzi ambiri ndi tiyi wa mandimu kapena jinja, ndipo pogona kwezani mutu ndi mapilo awiri. Mbaula itulutseni m'chipinda: utsi umawonjezera kutupa, ndiponso makala oyaka m'nyumba yotseka amapha.

Ku famase kuli mankhwala opopera m'mphuno monga Otrivin. Amatsegula msanga, koma osapitirira sabata mukuwagwiritsa ntchito, chifukwa mukapitiriza mphuno zimazolowera n'kumatsekeka kuposa kale. Odwala BP ndi amayi oyembekezera afunse kaye. Amoxicillin musiyeni, chimfine chimabwera ndi mavairasi ndipo makapisozi amenewa sachita nawo kanthu. Vicks ndi wopaka pachifuwa, osati m'kati mwa mphuno, ndipo si wa mwana wosakwana zaka 2.

Khanda lidonthezereni madontho awiri a madzi a mchere a ku famase m'mphuno iliyonse lisanayamwe, mupitirize kuliyamwitsa. Uchi musalipatse lisanathe chaka.

Pitani kuchipatala ngati patha masiku 10 osasintha, ngati nkhope kapena kuzungulira maso kukupweteka kwambiri, kapena thupi latentha, akakuyezeni malungo. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena akukana kuyamwa, musadikire kuche. Mwana amene mphuno imodzi yokha ikutuluka mamina onunkha, kawirikawiri amakhala kuti analowetsamo nyemba kapena njere ya chimanga. Musaitokose ndi kamtengo ka machesi, mungaikankhire m'kati. Akachotse achipatala.