Kusamutsa kaundula wa katundu kupita pa kompyuta pamene anzanu akukakamira buku

M'maofesi ndi m'masitolo ambiri kompyuta inagulidwa kalekale, koma ntchito yake ndi kulemba makalata basi. Kaundula wa katundu akadali m'buku la chikuto cholimba ndi pa ma bin card, makadi olembapo zalowa ndi zatuluka za katundu aliyense. Mukangoti tisinthe, yankho ndi lomwe lija: "Takhala tikuchita chonchi kuyambira kale, chavuta n'chiyani?" Mukalimbana nawo pamsonkhano mungowaumitsa mitima. Njira yomwe imayenda ndi kusankha buku limodzi, kulilemba pa kompyuta kwa masabata anayi la pepala likugwirabe ntchito, kenako n'kupita kwa abwana ndi manambala.

Dziwani kaye chomwe aliyense akukanira. A kalaliki achikulire akuopa kuchita manyazi pamaso pa achinyamata, mwinanso akuganiza kuti ntchito yawo ithera pomwepo. Akawuntanti akufuna siginecha ndi chidindo chifukwa ma auditor akabwera amafunsa pepala. Abwana akuganiza za kuthima kwa magetsi a ESCOM ndi ndalama za bandulo. Zonsezi ndi zifukwa zomveka, ndipo chilichonse chili ndi yankho lake. Koma tisabise, pamakhalanso wina amene buku limamukomera chifukwa tsamba limatha kung'ambika ndipo 8 amatha kusanduka 3. Ameneyo musamunene popanda umboni, ingoyembekezani kuti ndiye adzafuule kwambiri.

Pemphani chilolezo chaching'ono, chomwe kukana kwake n'kovuta: "Bwana, ndimapempha ndiyese mwezi umodzi pa katundu wa mitundu 20 yokha. Buku lipitirire monga mwa nthawi zonse." Sankhani katundu amene amatuluka tsiku ndi tsiku ndiponso amakonda kusowa, monga simenti, mapepala, mafuta kapena sopo. Musayike zinthu za kampani pa intaneti abwana asanavomere.

Google Sheets, pulogalamu ya pa intaneti yolembera matebulo a nambala, ndi yokwanira, ndipo akaunti ya Google yaulere imabwera ndi malo a 15 GB. Akauntiyo itsegulidwe m'dzina la kampani ndi nambala ya foni ya kampani. Ikakhala ya Gmail yanu, tsiku lomwe mudzasiye ntchito kaundula adzapita nanu, ndipo onse amene ankakana adzaoneka kuti ankanena zoona.

Tsamba loyamba lifanane ndi buku lomwe anthu analizolowera, mizati yake m'ndondomeko yomweyo: Tsiku, Katundu, Zalowa, Zatuluka, Nambala ya vawucha, Wotenga. Mzere uliwonse ndi kulowa kapena kutuluka kumodzi. Pa tsamba lachiwiri lembani mayina 20 aja mu mzati A, ndipo pambali pake muyike SUMIF ya zalowa kuchotsa SUMIF ya zatuluka (SUMIF ndi fomula yophatikiza nambala za katundu wa dzina limodzi). Tsamba loyamba likamatchedwa Kaundula, fomula yake ndi =SUMIF(Kaundula!B:B,A2,Kaundula!C:C)-SUMIF(Kaundula!B:B,A2,Kaundula!D:D). Musanayambe, werengani katundu yense pamanja muli awiri, musayine nonse, ndipo zomwe mwapeza zilowe ngati mizere yoyamba ya Zalowa. Mukakopera nambala za m'buku osawerenga, zolakwa zakale zisamukira pa kompyuta ndipo mlandu udzagwera kompyutayo.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Wina alemba "Simenti", wina "Sementi", wina "Simenti" koma n'kusiya mpata kumapeto. Kwa SUMIF amenewa ndi katundu wosiyana, ndiye zotsala zimasokonekera. Tsekani khomo limeneli ndi Data validation: mzati wa Katundu ukhale ndi mndandanda wosankhapo wochokera pa tsamba lachiwiri, osalola kulemba china. Masiku nawonso amapusitsa. Fayilo ikakhala pa kalembedwe ka ku United States, 03/04 imawerengedwa kuti 4 March pomwe inu mumatanthauza 3 April. Pitani pa File, Settings, musinthe Locale kukhala United Kingdom musanalembe mzere ndi umodzi womwe. Nambala za vawucha ndi za foni zoyamba ndi ziro, monga 099 za Airtel ndi 088 za TNM, zimataya ziroyo pokhapokha mzatiwo mutauyika pa Plain text. Ndipo tsamba la mafomula litetezeni ndi Protect sheets and ranges, chifukwa munthu wophunzira kumene akafufuta fomula mwangozi amachita mantha n'kubisa.

Nkhani ya magetsi ndi netiweki iyankheni isanafunsidwe. Pa foni, tsegulani fayiloyo mu pulogalamu ya Sheets n'kusankha Make available offline. Mudzatha kulemba popanda intaneti, ndipo zolembazo zidzalowa netiweki ikabwera. Vuto limabuka anthu awiri akalemba pamzere womwewo onse alibe netiweki, choncho mwezi woyesawu wolemba akhale mmodzi. Lachisanu lililonse sindikizani tsamba la zotsala, a kalaliki ndi akawuntanti asayine, chidindo chidindidwe, lilowe mu fayilo. Ma auditor apeza pepala lawo.

Wolemba ndani? Ngati n'kotheka, akhale a kalaliki omwewo, inu mukhale pambali. Aphunzitseni muli awiri, osati pagulu, mphindi 15 patsiku, ndipo mbewa ndi kiyibodi zikhale m'manja mwawo. Kuwalanda kuti muwaonetse mwachangu kumawauza kuti sangathe. Funsaninso nzeru zawo: amadziwa kuti ndi katundu uti amabwera m'makatoni koma amatuluka mmodzimmodzi, ndipo mukapanda kugwirizana muyeso umodzi, makatoni 5 ndi mabotolo 5 zidzaphatikizidwa ngati chinthu chimodzi.

M'masabata anayiwo lembani zinthu zitatu zokha: mphindi zomwe zimatenga kuyankha funso loti simenti watsala matumba angati, m'buku ndi pa kompyuta, kangati zotsala za m'buku zasiyana ndi zowerenga pamanja, ndi ndalama za bandulo zomwe zapita. Pakapezeka kusiyana, tsatani nambala ya vawucha, ndipo Version history, mbiri ya zosintha mu fayilo, idzakuonetsani akaunti yomwe inasintha ndi nthawi yake. Kwa abwana pitani ndi pepala limodzi lokhala ndi manambala amenewa, a kalaliki ali nanu, ndipo iwo ndiwo atsegule fayilo n'kuonetsa. Musatchule kuti buku ndi lachikale, poti mwina analiyambitsa ndi abwana omwewo.

Akavomera, onjezani mitundu ina 20, ndipo buku lisatsekedwe mpaka zotsala za pa kompyuta zigwirizane ndi zowerenga pamanja miyezi iwiri yotsatizana. Akakana, funsani mwaulemu chomwe chawadetsa nkhawa, chilembeni, ndipo mupemphe kuti nkhaniyi idzaonedwenso pa kuwerenga katundu kwa kumapeto kwa chaka, nthawi yomwe aliyense amakhala atatopa ndi kuphatikiza masamba a buku mpaka usiku.